Tsiku Limene Ndinatuta Mdima Masana ku Kanyama

Ba Mulenga, ikani kaye lumo lanulo pansi, chifukwa ndikuona mlomo wanu wayamba kale kupotoka pamene ine sindinatsegule n'komwe pakamwa. Amene akukayika atuluke mu babashopu muno, ayende masitepe khumi, akaime m'mbali mwa ngalande ya simenti ija imene imanyamula madzi a mvula kuchoka kumsika mpaka kuseri kwa tchalitchi, aifunse kuti inabwera bwanji muno m'Kanyama. Ikakuyankhani kuti sinabwere ndi ine Kamanga, mubwere mudzandimete mpala popanda madzi. Ine bambo anga anachoka ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo sanandisiyire munda kapena ng'ombe, anandisiyira lilime losadziwa kunama. Mukumva?

Nkhani inayamba ndi Tisunge, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene anapita ku koleji kukaphunzira za madzi, kumene amachokera ndi kumene amalowera. Chimene chinamutengera kumeneko achikulire muno mukuchidziwa. Chaka china mvula inakwiya, madzi anasefukira m'komboni monse, zimbudzi ndi zitsime zinakhala pachibale, kolera analowa, ndipo m'masiku awiri okha anatenga amake, Bana Tisunge, mkazi wanga wa ku Kitwe uja. Mwanayo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Kuyambira pamenepo akaona madzi ataima pabwalo ankawayang'ana ngati mdani.

Tsono atamaliza sukulu kunamveka kuti akuluakulu atatu a ofesi ina ya m'tauni ali ndi mphamvu yokumba ngalande imodzi yokha mvula isanagwe, ndipo a ku Chawama ankaifuna, a ku George ankaifuna, a ku Misisi ankaililira usana ndi usiku. Akuluakuluwo anati abwera kwathu Lachisanu nthawi ya fotini, imene ena amati thu koloko masana, akhala ola limodzi, ndipo amene akufuna kuwatsimikizira kuti ngalandeyo iyenera kukhala ya Kanyama awatsimikizire m'ola limenelo. Wokamba anali Tisunge. Anali ndi mapu ndi zithunzi mu laputopu yake, zoti azionetse pakhoma ndi pulojekita, makina aja amene amalavula zithunzi. Ine nthawi imeneyo ndinali nditasiya kukankha wilibala kumsika, ndikuyang'anira holo ya tchalitchi, makiyi ali m'chiuno.

Tisunge anabwera Lachiwiri nati, “Batate, ine nizakamba chabe. Imwe munikonzele vinthu: mashini, malaiti, poonesela poyela, na mudima mu holo. Vikasoweka ivi, ngalande yayenda ku Chawama.”

Ndinamuuza kuti apite akasite malaya ake, zotsalazo asiyire bambo ake. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Makinawo anali kwa mphunzitsi wake ku Kalingalinga, tsidya lina la tauni. Ndinapita Lachitatu m'mawa, ndinawalandira ndi manja awiri, koma nditafika pa siteshoni kondakitala wa minibasi anati ndiwaike pansi pa mpando pamodzi ndi nkhuku ndi thumba la kapenta, ndipo ine ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kumusiya ali chiimire. Ndinabwereka wilibala kwa mnzanga wakale, ndinayala matiresi, ndinagoneka makinawo, ndinalavulira m'manja, n'kuuyatsa ulendo, ndipo ndikunena pano kuti ndinadutsa minibasi zisanu ndi ziwiri mumsewu waukulu, wapolisi wapamsewu anafuna kundiimitsa koma pamene dzanja lake linkafika m'mwamba ine ndinali nditadutsa kale pakati pa tauni, tayala linayamba kufuka utsi mpaka amayi ogulitsa chimanga anathamangira kumbuyo kwanga kuwotchera pa njira imene ndadutsa, ndipo chithunzithunzi changa chomwe chinatopa, chinatsala pa malo okwerera basi, chinafika kunyumba chamadzulo chitakwera minibasi. Mukumva? Chamadzulo, chili wefuwefu.

Polowa m'Kanyama ndi pamene ndinachedwa pang'ono, chifukwa ndinagwera m'dzenje lija linali pafupi ndi chigayo. Achinyamata simukulidziwa, analikwirira. Ndinatsika ndi wilibala yanga kwa mphindi zinayi ndisanagunde pansi, ndipo pansipo ndinapeza minibasi imene inasowa dzinja lapitalo, anthu ali chikhalire m'mipando, kondakitala akuitanabe kuti kwatsala munthu mmodzi kuti inyamuke. Anandipempha kuti ndikwere. Ndinakana, ndinasenza wilibala pamutu, makina ali momwemo, n'kukwera khoma la dzenjelo ndi zala za kumapazi. Makina anafika mu holo osakandika ngakhale pang'ono.

Kenako magetsi. Masiku amenewo magetsi anali ngati mwamuna wamitala, lero agona kuno, mawa agona uko, ndipo Lachisanu linali tsiku la ku Matero. Wina anati tibwereke jenereta ya Ba Mulenga, koma jenereta imeneyo mukuidziwa nonse, ikayamba kutsokomola munthu sumva ngakhale maganizo ako, ndiye mwana wanga akanakamba ndi ndani? Ndinati ayi, ngati magetsi ali ku Matero tikawatenga ku Matero komweko. Ndinayenda khomo ndi khomo kubwereka zingwe zamagetsi, m'mababashopu, m'masaluni, kwa otchaja mafoni, kwa owotcherera zitsulo, m'matchalitchi onse kupatula amodzi aja amene anati chingwe chawo n'chodzozedwa sichituluka panja. Inu Ba Mulenga munandipatsa chanu chofiira chija, musakane, mpaka lero chili ndi mfundo yanga pakati.

Ndinazilumikiza chimodzichimodzi, pomanga ndi malegeni a tayala, kuyambira m'sitolo ya mlamu wanga ku Matero, kudutsa pamwamba pa madenga, pansi pa milatho, pakati pa anthu awiri amene ankakangana za malire a puloti mpaka anagwirizana kuti chingwecho ndiye malire, n'kufika mu holo ya ku Kanyama chitatsala chikhatho chimodzi, ndipo chikhatho chimenecho ndinachipeza pokoka Matero yense kuti asendere kuno pang'ono, n'chifukwa chake masiku ano ulendo wa ku Matero unafupika. Ndinalumikiza babu kuti ndiyese. Zii. Ndinadikira theka la ola, zii.

Ndinabwerera m'mbuyo kutsatira chingwe, ndipo chapakatikati, kuseri kwa bala ina, ndinapeza chitapindika mfundo, magetsi onse ataunjikana pamenepo, chingwe chitatupa ngati nsato yomeza mbuzi. Ndinavula nsapato, ndinamasula mfundoyo ndi mano, magetsi anangoti phulu kuthamangira ku Kanyama, ndipo pomwepo ndinakumbukira kuti babu lija ndinalisiya pa benchi m'mphepete penipeni, likayaka mwadzidzidzi ligwa, choncho ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, ine mumsewu magetsi m'chingwe, tinayenda limodzi mpaka pa chigayo, pamenepo ndinawasiya m'mbuyo, ndinafika mu holo, ndinagwira babu, ndinamwa madzi kapu imodzi, ndinapukuta thukuta, ndiye babu n'kuyaka. Amayi ena amene anayanika zovala pa chingwecho anazipeza zitauma ndiponso zitasitidwa. Palibe amene anabwera kudzandithokoza.

Poonetsera ndi pamene panandivuta mtima, chifukwa pamenepo panalibe chothamanga kapena chonyamula, panali kupempha. Khoma la holo yathu achinyamata a mpingo anajambulapo chingalawa cha Nowa ndi nyama zake zonse, ndipo Tisunge akanaika mapu ake pamenepo Kanyama akanaoneka ali m'mimba mwa njovu. Nsalu yoyera yaikulu m'komboni ya fumbi ngati ino muipeza kuti? Choyera chenicheni muno ndi maduku a amayi amene amasonkhana kutchalitchi Lachinayi, aja amawachapa ndi mtima wonse n'kuwasunga m'pulasitiki. Ndinadikira atamaliza nyimbo yotsekera, ndinavula chipewa, n'kukagwada pamaso pa wapampando wawo, Bana Chanda, mayi amene ngakhale abusa amayamba atsokomola asanamuyankhe.

Anati, “Ba Kamanga, mwapenga? Mufuna tiyende mitu pamtunda monga atsikana a mu tauni?”

Ndinati, “Ni va mwana wa munzanu.”

Bana Tisunge ankakhala pambali pawo penipeni Lachinayi lililonse, ndipo ndi iwowo amene anamusambitsa tsiku lomaliza. Bana Chanda anakweza manja, anamasula duku lawo, analipinda, n'kundipatsa, imvi zonse zili poyera, ndipo amayi onse anachita chimodzimodzi. Apa sindikuwonjezera ngakhale mchere. Ndinasoka madukuwo ndi sipoko ya njinga, ndipo nsaluyo inayera kwambiri moti nditaiyanika panja kuti makwinya achoke, ndege yochokera ku Ndola inazungulira katatu pamwamba pa tchalitchi woyendetsa atathobwa m'maso.

Lachisanu m'mawa kunatsala mdima. Inu mukuseka, koma fotini koloko mwezi wa Okutobala dzuwa la ku Kanyama limalowa ngakhale m'thumba la buluku, ndipo denga la holo yathu linali ngati sefa, mazenera opanda makatani. Pulojekita pa kuwala kotere ndi chimodzimodzi kuyatsa machesi pamoto. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti kodi masana mdima umakabisala kuti? Amene analowetsapo mutu m'thumba la makala lopanda kanthu akudziwa yankho. M'menemo ndi usiku nthawi zonse, ndipo amayi ogulitsa makala kumsika amangoukutumulira pansi osadziwa kuti akutaya chinthu.

Ndinapita kumsika ndi wilibala, ndinatola matumba onse opanda makala, lililonse ndikumanga kukamwa msanga kuti mdima usatayike, ndinatuta maulendo makumi anayi, ndinamata zibowo za denga ndi sopo, ndinatseka zitseko, n'kuyamba kukutumula thumba limodzilimodzi kuyambira kuguwa kubwerera kukhomo, ndipo pofika thumba lomaliza mdima unali utakhuthala moti nkhuku za abusa zinalowa n'kukwera pa mabenchi kukagona, mileme inabwera kuchokera ku Linda itamva mbiri, mkulu wa mpingo wina anasuzumira n'kuyamba pemphero lamadzulo, ndipo ine ndemwe ndinayasamula kawiri. Mukumva? Unachuluka. Ndinatenga chikwanje n'kudula zibenthu zingapo kuti muzipitako mpweya, ndipo zibenthuzo ndinapatsa alonda ausiku amene amavutika kugona masana. Mmodzi mwa iwo ntchito inamuthera, chifukwa anadzuka Lolemba.

Cha m'ma thwelofu Tisunge anabwera kudzayesa. Tinaika makina pa tebulo pakati pa holo, iye ndi laputopu yake kutsogolo, anadina, ndipo Kanyama yense anatulukira pa maduku aja, msewu uliwonse, chitsime chilichonse, mpaka ndinaona denga la nyumba yanga ndi mwala umene ndinatsindikira lata. Mwanayo anapuma mpweya wautali, anati zikomo batate, n'kupita kukavala. Ine ndinatsala ndikuyang'ana makinawo, ndipo ndinaona kuti m'mbali mwake muli timabowo timene tikukoka fumbi la makala. Tsono kwathu chinthu cha mtengo sichikhala maliseche. Wailesi imavala, TV imavala, Baibulo limavala, ngakhale fuliji ya Bana Chanda ili ndi chovala chake. Ndinathamangira kunyumba, ndinachotsa nsalu ya pa TV, yoluka ndi ulusi wokhuthala, ya maluwa ofiira m'mphepete, yosokerera chitenje kunsi kuti fumbi lisadutse, ndinabwera nayo n'kuphimba makinawo bwinobwino, kupisira m'mbali monse, kusiya diso lokha. Ulemu umenewo makinawo anali asanaulandirepo chibadwire.

Fotini itakwana holo inali itadzaza, amayi a Lachinayi ali kutsogolo atafunda zitenje kumutu, akuluakulu atatu aja atalowa mogwirana mapewa chifukwa cha mdima, wotsogolera wawo mayi wina wamagalasi wosaseka. Ine ndinaima pambali pa makina ngati msilikali. Tisunge anayamba. Anaonetsa mapu oyamba, achiwiri, anayamba kufotokoza kuti pansi pa Kanyama pali thanthwe, madzi alibe kolowera, ndipo atangoti tsopano muone kumene madzi amafika, makina analira kamodzi ngati mwana wa mphaka n'kuzima.

Zaka zonsezi ndakhala ndikukuuzani kuti magetsi a ku Matero ndi onona kwambiri, makina a ku Kalingalinga anazolowera magetsi owonda, ndiye anatsamwa. Tisiye kaye pamenepo.

Mu holo wina kumbuyo anati ngalande yapita. Ndinamva mayi wamagalasi akufunsa mnzake nthawi, chifukwa ola lija linali likudyeka ndipo mwana wanga anali ataima mumdima wopanda chomuthandiza. Ndinamva mapazi ake akubwera, anafika pa tebulo, anapapasa makinawo, anaima kanthawi. Kenako anakweza mawu.

“Batate, segulani viseko. Bakulu-bakulu, napapata chonde, tiyeni panja. Vamene nenze kufuna kumuonesani pa chipupa vilipo pa vipupa veni-veni.”

Ndinatsegula zitseko, mdima unakhuthukira panja n'kuyenderera chakum'mwera, moti ku Misisi tsiku limenelo anthu anadya chakudya chamadzulo nthawi ya fifitini. Tisunge anatsogola, akuluakulu pambuyo ndi nsapato zawo zopolisha, komboni yonse pambuyo pawo. Sanawaonetse chachilendo. Anawaonetsa mzere wakuda umene uli pa khoma la nyumba iliyonse mumsewu wathu, pamene madzi amalekezera, umene ife tinasiya kalekale kuuona. Anawaonetsa chitsime ndi chimbudzi zotalikirana masitepe asanu. Anayenda nawo kutsatira kutsetsereka kwa nthaka, akuwalozera pamene ngalande ingadutse, mpaka anafika nawo pakhomo panga.

Pa felemu ya chitseko chathu pali timizere tokanda ndi msomali. Bana Tisunge ankakanda kamzere chaka chilichonse pamene madzi afika, ankati tsiku lina wina adzafunsa. Mayi wamagalasi uja anaima pambali pa felemuyo, ndipo kamzere kapamwamba kanamufika pachifuwa. Anakayang'anitsitsa, chifukwa n'kokhota, sikafanana ndi tinzake, nafunsa kuti aka anakanda ndani.

Tisunge anati, “Nine. Ninakwela pa bedi. Bamayo benze ku chipatala.”

Mayiyo anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, anatseka kabuku kake, ndipo sanafunsenso nthawi. Patapita masabata atatu makina okumba analowa m'Kanyama, ndipo ngalandeyo ndi imene ili panjapo, mukatuluka mukailonjere.

Tsopano Ba Mulenga, tsekani chitseko, chifukwa ichi sindinachinenepo. Za dzenje n'zoona, za liwiro n'zoona, za mdima mukafunse nkhuku za abusa. Bodza langa m'nkhani yonseyi ndi limodzi, ndipo ndi la magetsi onona. Magetsi a ku Matero analibe mlandu. Makina aja amapuma ndi timabowo tija, ndipo ine Kamanga, amene ndinathamanga kuposa magetsi, ndinawatseka mphuno ndi pakamwa mpaka anatentha n'kukomoka. Ngalande ya komboni yonse inatsala pang'ono kupita ku Chawama chifukwa cha manja awa.

Ndipo za fumbi zija n'zongonamizira. Nsalu ija analuka ndi Bana Tisunge ali ndi pakati pa mwana yemweyo. Amayi onse a Lachinayi anali ndi maduku awo kutsogolo kuja, ndipo zinandiwawa kuti mwini mwana yekha ndiye alibepo kanthu. Ndinafuna kuti akhalepo, basi.

Mumdima muja Tisunge atapapasa makina, zala zake zinagwira ulusi uja, ndipo anaudziwa, chifukwa anakula akuuseweretsa. Ndinali pambali pake, ndinamva mpweya wake ukuima. Ndinadikira kuti andikalipire pamaso pa anthu, ndipo akanakhala ndi chifukwa. Anachotsa nsaluyo pang'onopang'ono, anaipinda kanayi, anaiika m'chikwama chake, n'kundinong'oneza kuti, “Batate, mashini ipema monga munthu, siyifuna kuivimba na nsalu. Koma nabaona bamayo. Babwela.”

Nsaluyo sanandibwezere mpaka lero, ndipo ine sindinaifunse. TV yanga ili pamtunda chaka chachisanu tsopano, fumbi lokhalokha moti owerenga nkhani amaoneka ngati ali m'chigayo, ndipo alongo anga abwera kale ndi nsalu zitatu zatsopano, zonse ndinazibweza. Amene akuti Kamanga ndi wabodza abwere kunyumba ndi nsalu yake, ayese kuiphimba, aone ngati atuluke ndi mano onse.